Sikelo ya a Elwood Bierly

Mu tawuni yathu ya Kettle Forge, aliyense wa msinkhu anamvapo kulemera kwa thupi lake kukulengezedwa pagulu, ndipo wolengezayo anali mmodzi yekha, malemu Elwood Bierly. Anthu ena mukakumana amafunsa za ana, ena za nyengo. A Elwood ayi. Ankakuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, n'kutsinzina diso limodzi, kenako n'kufuula ngati ali pa okushoni: "Mapaundi 186! Mwadzuka bwanji?" Ukangoyerekeza kutsutsa, ankapita kugalimoto kwawo n'kubwerako ndi sikelo ya kubafa imene ankayenda nayo ngati Baibulo. Ankaiika pansi pomwepo, kaya ndi pakhomo pa banki, ndipo akalakwitsa kwambiri ankaphonya ndi mapaundi awiri.

Sankaona nkhope. Abusa a Hostetler atachokera kutchuthi anauzidwa pakhomo pa tchalitchi kuti madalitso awonjezekera ndi mapaundi khumi ndi limodzi. Mwana wamkazi wa a Zerbe akutuluka m'tchalitchi momwemo atavala zoyera, anthu akumuwaza mpunga, a Elwood anatsinzina diso lija.

"Mapaundi 131," anatero. "Asanu ndi awiri ndi a diresi. Anayi enawo tidzakambirana ikatha miyezi isanu ndi umodzi."

Mayi a mkwatibwi anawagenda ndi maluwa. Koma mwana anabadwadi itatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo a Elwood anapita kuchipatala kukamuona, n'kumuuza kulemera kwake anamwino asanalembe.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanatchulidwepo nambala, akazi awo a Loretta. Awiriwa anakumana kufakitale ya ndege imene inali kutsidya kwa mtsinje, a Elwood akuwotcherera zitsulo, a Loretta akusoka nsalu pamapiko. Tsiku loyamba lomwe, mnyamata atangoyamba kutsinzina, mtsikana anakweza singano yosokera mapiko, yaitali ngati mkono wa mwana.

"Mungotchula nambala," anatero, "singano iyi ilowa m'diso lotsinzinalo."

A Elwood anameza nambalayo, ndipo anakhala nayo m'mimba zaka makumi asanu ndi ziwiri. A Loretta nawo sanapondepo pasikelo ija ngakhale ndi chala. Anzawo akawadandaula kuti akupirira bwanji ndi mwamuna wochititsa manyazi chonchi, ankangoti wokwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima.

Gwero la misala yonseyi kanali kandege. Inu amene munakwerapo ndege zikuluzikulu zogawa tiyi, iwalani zimenezo. Aka n'kachikasu, mapiko ake ndi nsalu yosokerera, mipando ndi iwiri, wina patsogolo wina pambuyo, ndipo woyendetsa amakhala wapambuyowo. Kalibe kiyi. Munthu amaima kumphuno kwake n'kupukusa pulopela ndi manja, kenako n'kudumphira kumbali msanga ngati zala akuzifunabe. Mafuta amaonera pa kawaya kotulukira pathanki, ndipo kawayako kakamira, yambani kupemphera. Chachikulu n'chakuti anthu awiri okweramo asapitirire mapaundi 380. Akapitirira, kandegeko kamangothamanga pabwalo ngati nkhuku n'kukaima pampanda wa ng'ombe za a Zerbe. N'chifukwa chake a Elwood ankayeza anthu. Kwa iwo anthu padziko anali a mitundu iwiri basi, okwereka ndi osakwereka.

Fakitale inapanga tindege timeneti tambirimbiri, kenako eni ake anatseka n'kusamukira kumwera kumene sikugwa chipale chofewa. Tawuni inatsala ndi mazenera osweka, matchalitchi asanu ndi awiri ndi resitilanti ya Dottie. A Elwood anatsala ndi kandege kamodzi kamene anagula kali zidutswa, a Loretta n'kukasokera mapiko patebulo lodyera, akutukwana msoko uliwonse. Ankakatcha "mkazi mnzanga." Ndipo popeza lamulo la a Elwood linali lakuti wosaponda pasikelo sakwera, a Loretta sanakwerepo mkazi mnzawoyo ngakhale kamodzi.

Paja kuno ku America chigawo chilichonse chimasankha zizindikiro zake n'kuzilemba m'malamulo. Tsiku lina a Elwood anawerenga mndandanda wa chigawo chathu m'nyuzipepala kwa Dottie, ndipo khofi anawatsamwa.

"Dottie, tamvera izi! Tili ndi galu wa boma. Nsomba ya boma. Mbalame ya boma, yomweyi timaiwombera chaka ndi chakayi. Chiphaniphani cha boma, Dottie! Kachilombo koyaka kumatako kali m'buku la malamulo, koma ndege imene mayi ako anaisoka mpaka maso kuchita khungu mulibemo!"

"Ndiye mukuti ine nditani, Elwood? Mudya mazira kapena mudya malamulo?"

"Ndipita kulikulu."

Anapitadi. Anapeza phungu wina wachifundo amene anawalembera bilu ya mizere itatu yonena kuti kandege kachikasu kakhale ndege ya chigawo. Kenako anatulukira njira yawoyawo yokopera mavoti. Iwo ankakhulupirira kuti munthu amene waulukapo m'kandegeko, chitseko chili chotsegula, fungo la msipu likulowa m'mphuno, sangakakane. Choncho anayamba kuitana aphungu mmodzimmodzi kuti adzawaulutse.

Aphungu, monga mukuwadziwira, sakana malo pamene pali wojambula zithunzi. Ankabwera. Vuto linali sikelo. Mayi wina phungu ananena pafoni kuti ndi wa mapaundi 140. Atafika, a Elwood anatsinzina diso.

"Mayi, 140 ameneyo ndi inuyo kapena munamusiya kunyumba?"

"Bambo Bierly, mkazi safunsidwa zimenezo."

"Ine sindifunsa, mayi. Ikufunsa ndi ng'ombe ya a Zerbe iyo ili kumpandayo."

Mayiyo anaponda, sikelo inati 171, ndipo chikwama chawo pachokha chinati 9. A Elwood ankakonda kunena kuti m'moyo wawo wonse malo okhawo amene anaonapo phungu akuvomera zoona ndi pasikelo yawo. Phungu wina anasanzira m'chipewa chake chomwe n'kuchivalanso poona kamera. Wina anauluka tsiku la mphepo yamkuntho, n'kuona thirakitala pansi ikuwapitirira, iye n'kumafunsa ngati ndegeyo ili ndi giya ina. Koma onse ankatsika akuseka ngati ana, ndipo onse ankalonjeza voti. M'zaka zisanu ndi chimodzi a Elwood anaulutsa aphungu makumi anayi ndi atatu.

Bilu sinkayenda ndithu. Kuti ifike povoteredwa inayenera kudutsa mu komiti ina, ndipo wapampando wa komitiyo anali a Dunkleberger, munthu amene khosi lake linayambira m'makutu. Iwowa ankati boma lili ndi ntchito zenizeni, si zoseweretsa za nkhalamba. Biluyo anaiika m'dirowa n'kuiwala kiyi.

Chaka cha chisankho, a Dunkleberger anabwera kuchakudya cham'mawa chimene ozimitsa moto amakonza m'holo yawo, kuja timadya mapanikeke ndi masoseji mpaka kumasula lamba. Ali mkati mogwira anthu chanza, kumbuyo kwawo kunamveka mawu.

"Mapaundi 250! Mwadzuka bwanji?"

A Dunkleberger anatembenuka pang'onopang'ono, soseji ili pafoloko.

"Ndinu bambo a kaiti aja eti?"

"Ndine. Inu ndinu bambo a dirowa aja."

Anthu anaseka, ndipo wandale akasekedwa amafuna kubweza pomwepo. A Dunkleberger anali atamva kale za mapaundi 380 aja, ndipo anaona kuti a Elwood, munthu wa mafupa akuluakulu, sangachepere 190. Anawerengera mumtima n'kumwetulira.

"Tamverani nonse," anatero mokweza. "Tsiku limene kaiti ya bambowa idzandinyamule ine, iwowa akuyendetsa, ndidzatulutsa bilu yawoyo ndi manja angawa. Mboni ndinu."

Anthu anawomba m'manja poganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Anali ataiwala kuti a Elwood analibe ntchito ina.

Poyamba anayesa kuwondetsa wapampandoyo. Sabata iliyonse ankatumiza kabichi kuofesi kwake, ndi kakalata kowafunira moyo wautali. Kabichiyo ankabwezedwa. Anayesa kupeputsa ndege, n'kuchotsamo makushoni, kapeti ndi kabokosi ka mapu, koma zonsezo zinangokwana mapaundi anayi, ndipo a Loretta anawalamula kuti abwezeretse chifukwa makushoniwo anasoka ndi iwo. Ndiye m'mwezi wa Epulo, chipale chitasungunuka, a Elwood analowa kwa Dottie n'kulengeza kuti ngati phiri likukana kuchepa, achepa ndi iwowo. Anayenera kutsika kuchoka pa 190 kufika pa 130.

Tawuni inasangalala kwabasi. Patatha zaka zonsezi, woyeza uja ankayezedwa! Dottie anapukuta bolodi lolembapo zakudya za tsiku, ndipo Lachisanu lililonse a Elwood ankaponda pasikelo yawo yomwe pakati pa resitilanti, Dottie n'kulemba nambala ndi choko. Amayi onse amene anachititsidwapo manyazi ankabwera kudzadya keke patsogolo pawo, akunyambita supuni.

"Elwood, kachidutswa kokha. Ka maapozi, kotentha."

"Pita uko, Satana. Ndipo iwe wawonjezera atatu kuchokera pa Pasaka."

Meyi anati 178. Juni anati 166. Abusa anawatchula mu ulaliki monga chitsanzo cha kudziletsa, ngakhale anaoneka kuti akunena mokakamizika. Thalauza linayamba kuwazungulira, ndipo ankaboola lamba ndi msomali sabata iliyonse.

Amene sankaseka anali a Loretta. Iwo anali ataphikira munthuyu kwa zaka makumi asanu, ndipo ankadziwa kusiyana kwa mwamuna amene akukana chakudya ndi mwamuna amene chakudya chikumukana. Anawaphikira timitanda ta mbatata ndi anyezi wokazinga m'batala, timene kale ankadya makumi awiri ali chiimire. A Elwood sanameze n'komwe malovu. Anangoyang'ana kumbali ngati fungolo likuwapweteka. Apa a Loretta anachita mantha enieni.

M'mawa mwake anapita kushedi ya ndege kubwalo, amuna awo ali pansi pa phiko. Anatsegula bokosi la masipanala, chifukwa mwamuna akafuna kubisa kanthu amakabisa pamene akuganiza kuti mkazi safikapo. Pansi pa nsanza ya mafuta panali kalata ya kuchipatala, yolembedwa m'mwezi wa Malichi. Anaiwerenga kawiri.

"A Elwood inu. Tulukani pansi pa mkazi mnzangayo."

Anatuluka. Ataona kalatayo anapukuta manja nthawi yaitali.

"Malichi," anatero a Loretta. "Munadziwa mu Malichi, inu n'kukalengeza kwa Dottie mu Epulo kuti mwayamba kudziletsa. Abusa mpaka kukutchulani paguwa!"

"Pamenepo pokha ndinasangalala."

"Musandiseketse, ndikufuna kukumenyani."

"Loretta, tamvera. Dokotala anati chotupacho chafalikira, kuchita opaleshoni n'kungovutitsa mipeni. Anati ndiziwonda, ndifune ndisafune. Ndiye ndinati, kuwonda konseku kupite pachabe? Anthu amalipira kuti awonde. Ine ndapatsidwa kwaulere, ndipo pali munthu wa 250 amene analumbira pamaso pa ozimitsa moto."

A Loretta anakhala pansi pa chigubu cha mafuta n'kulira, ndipo polirapo ankawatukwana mayina onse amene anawasungira kuyambira tsiku la ukwati. Atatha anamina, n'kufunsa kuti kwatsala mapaundi angati.

"Makumi awiri ndi awiri."

"Ndiye anthu asadziwe. Akadziwa ayamba kukubweretserani supu ndi nkhope zamaliro. Asekebe."

Ndipo tinasekabe, ife opusa, chilimwe chonse. A Loretta ankakhala pambali Lachisanu lililonse akuwomba nawo m'manja.

Lachisanu loyamba la Okutobala, Dottie analemba 130. Kalata inapita kulikulu, nyuzipepala inanyamula nkhaniyo, ndipo a Dunkleberger anasowa pothawira chifukwa chisankho chinali chitatsala mwezi umodzi. Anafika Loweruka m'mawa, mapiri onse atafiira ndi masamba, tawuni yonse ili pabwalo pamodzi ndi ng'ombe za a Zerbe.

A Elwood anaponda: 130. A Dunkleberger anaponda: 256.

"Pepani, Bambo Bierly," anatero wapampandoyo, chimwemwe chikuchita kutuluka m'makutu. "Nthawi ya kampeni munthu amadya paliponse. Lamulo ndi lanu lomwe. Mapaundi 380."

A Elwood anavula nsapato. Anavula jekete. Anachotsa mano awo oikirira n'kupatsira abusa kuti awasungire. Zonsezo zinachotsa mapaundi atatu. Anaima pamenepo ndi masokosi, mphepo ikuwagwedeza, ndipo kwa nthawi yoyamba ena a ife tinaona kuti munthuyu watha. Analibenso china choti avule.

Apo m'pamene a Loretta anatulukira m'gulu, atanyamula singano yaitali ija. Anaitenga kuti azisokera nsalu ikang'ambika, koma a Dunkleberger sankadziwa zimenezo.

"Bwana," anatero, "amuna anga achotsa mapaundi makumi asanu ndi limodzi. Inu chotsani atatu. Yambani ndi nsapato."

"Mayi, ine ndine wapampando wa..."

"Mpando munausiya kulikulu. Jekete."

Nsapato zinachoka, jekete linachoka, foni, chikwama, wotchi ndi lamba. Sikelo inatsalabe ndi theka la paundi. A Loretta anayang'ana thalauza. Wapampando anayang'ana makamera, kenako anayang'ana a Elwood, ndipo sindikudziwa chimene anaona pankhope yopanda mano ija, koma anasiya kumwetulira. Anavula yekha thalauzalo n'kulipinda bwinobwino. Mkati anali atavala kabudula wa timbalame tobiriwira, amene tawuni ino sidzamuiwala mpaka kubwera kwa Ambuye.

Amuna anayi anakankhira a Dunkleberger pampando wapatsogolo. A Loretta, mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zitatu, anaima kumphuno n'kupukusa pulopela kamodzi kokha, monga ankachitira Loweruka lililonse. Kandege kanathamanga, kanathamanga, ng'ombe zinayamba kusuntha, ndipo katatsala pang'ono kupsompsona mpanda kananyamuka ngati munthu wodzuka pampando atakhuta.

Anakhala m'mwamba mphindi makumi anayi. Atatera, a Dunkleberger sanatsike msanga. Maso anali ofiira, ndipo sanafunse n'komwe za thalauza.

"Wandipititsa kumudzi kwathu," anauza a Loretta. "Kuseri kwa phiri uko. Nyumba ya mayi anga ikadalipo, ndi mtengo wa mapeyala womwe. Sindinapiteko zaka makumi atatu. Anadziwa bwanji?"

"Anakhala akuwerenga za inu zaka ziwiri, bwana. Mumaganiza kuti amayeza mimba yokha?"

Anthu anawatulutsa a Elwood m'ndege mochita kuwanyamula, ndipo amene anawanyamulayo anati ankapepuka ngati mtolo wa zovala. Sanaulukenso. Anamwalira mu Januwale, kunyumba kwawo, atauza namwino kuti wachepa ndi mapaundi awiri ndipo azidya. Bilu inatuluka m'dirowa, koma malamulo amayenda ngati kandege komweko pa tsiku la mphepo, ndipo inavomerezedwa mu Meyi. Mwini wake anaiphonya ndi miyezi inayi. Pamenepa ine ndimakwiyabe mpaka lero.

A Elwood anasiya mawu akuti mtembo wawo uwotchedwe ndipo phulusa likamwazidwe pamwamba pa fakitale yakale. Woyendetsa anapezeka, Dokotala Reish wa mano, mayi amene anaphunzitsidwa kuuluka ndi a Elwood omwewo. Koma woyendetsa sangamwaze phulusa, pamafunika wina pampando wapatsogolo. Anthu anayang'anana. A Loretta anati apita kukapukuta mpandowo kaye.

Kuseri kwa khushoni imene anasoka okha anapeza kakhadi, kolembedwa ndi pensulo m'zilembo zokhota za amuna awo. Panali mzere wa manambala, chaka ndi chaka kuyambira chaka cha ukwati wawo, iliyonse yofufutidwa ndi kamzere pobwera inzake. Yomaliza inali 148. Pansi pake panalembedwa kuti: "Loretta. Malo alipo."

Anatuluka m'shedimo, anaitanitsa sikelo, anapatsira abusa kabokosi ka phulusa, n'kuponda pamaso pa tawuni yonse. Muvi unagwedezeka n'kuima pa 148. Analandiranso kabokosi kaja, muvi n'kusuntha kufika pa 153.

"Mapaundi asanu," anatero, akuyang'ana kabokosiko. "Chitsiru iwe. Ukanadikira pang'ono ukanamunyamula ndi thalauza lomwe."

Anakwera, chitseko chili chotsegula, ndipo tinaona kachikasu kaja kakuzungulira kawiri pamwamba pa mazenera osweka a fakitale.

Masiku ano polowa m'tawuni pali chikwangwani chokhala ndi chithunzi cha kandegeko, ndipo ana a sukulu amakaloweza pamodzi ndi galu ndi chiphaniphani. Alendo amabwera kudzajambula. Koma kwa Dottie kuli phee. Anthu timanenepa mwakachetechete, popanda wotiuza, ndipo akwatibwi amatuluka m'tchalitchi ndi zinsinsi zawo zonse. Mayi a mkwatibwi uja, amene anagenda maluwa, anandiuza kuti nthawi zina akamatuluka m'banki amakokera mimba mkati, kenako n'kukumbukira kuti palibenso woyang'ana. Dottie sanafufute bolodi lija, zakudya za tsiku amalemba papepala. Sikelo ili pakhomo pa resitilanti, ndipo Lachisanu lililonse a Loretta amabwera, amapondapo, n'kunena nambala yawo mokweza kuti aliyense amve. Akatero amakhala pansi n'kuitanitsa khofi.